Ndinaopa Kuti Amuna Anga Aonde

Inu owerenga, pamene ndikulemba pano amuna anga ali chigonere pamphasa kuseri kwa nyumba komwe ndimawaothetsa dzuwa, ndipo amene anawagoneka pamenepo ndine. Sindinawamenye, sindinawathirire mankhwala m'chakudya. Ine ndinkangowaphikira bwino. Ndikudziwa kuti ena museka pomva zimenezi, koma werengani kaye mpaka kumapeto, mwina mungapulumutse wanu.

Ndine mayi wa ku Nsipe kuno ku Ntcheu. Amuna anga, bambo a Tadala, anandikwatira ali mnyamata woonda ngati phesi. Ntchito yawo inali yopikula kachewere kwa alimi a ku Mlangeni n'kudzagulitsa pamsewu. Masiku amenewo matumba ankanyamula okha panjinga yakapalasa, ndipo kukakhala chisangalalo ankavina ngoma mpaka fumbi kuti koboo. Mulungu atatiyang'ana, geni inakula. Njinga ija tinaikoleka, katundu anayamba kubwera pa lole, iwo n'kumangokhala pabenchi tsiku lonse kuyang'anira ogulitsa. Tchipisi chinali pomwepo, kanyenya pomwepo, zoziziritsa kukhosi pomwepo. Akafika kunyumba ndinkawalandiranso ndi mbale yosefukira, ndiwo zake zosambira m'mafuta.

Ananenepa, ndipo ine ndinkanyada. Kwathu kuno thupi la mwamuna ndiye satifiketi ya mkazi. Tikamalowa m'tchalitchi, iwo patsogolo mimba itatsogola, ndinkamva amayi akunong'onezana kuti uyu ndiye amadziwa kusamala mwamuna. Mawu amenewo ankandikomera kuposa chitenje chatsopano.

Kenaka anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Akawerama kuti amange zingwe za nsapato ankadzuka akupumira m'mwamba. Tinapita kuchipatala, ndipo m'chipinda cha adokotala ndinalowa nawo, choncho sindinganame kuti sindinamve. Adokotala atawayeza anapukusa mutu. Anati bipi yakwera kwambiri ndipo thupi lawachulukira. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse n'kumakatenga ena mwezi ukatha. Za thupilo anati poyambira ndi pambale: achepetse nsima, mafuta, mchere ndi shuga, achulutse masamba. Anati aziyenda ndawala m'mawa, koma zothamanga ndi zovina mwamphamvu asayambe mpaka bipi itatsika. Pomaliza anatembenukira kwa ine.

“Mayi, theka la mankhwala lili m'manja mwanu, chifukwa wogawa chakudya ndinu.”

Ndinavomera ndi mutu, mwaulemu wonse.

Bambo a Tadala ndi munthu womvera. Tiyi wopanda shuga ankamwa atatsinzina, koma ankamwa. Pabenchi paja anzawo akaitanitsa tchipisi, iwo ankatulutsa nthochi. Kunyumba ndinkawapakulira pang'ono, ndi nyemba ndi mpiru wongofutsa, ndipo m'mawa ankayenda wapansi kupita kumsika. Miyezi itapitapo mutu uja unasiya, malaya anayamba kukhwepa. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza pakhonde atatenthetsa msomali pambaula, akuboola bowo latsopano palamba wawo.

“Amayi a Tadala, taonani! Lamba wandikulira,” anatero akuseka ngati mwana.

Ine ndinaseka ndi mano okha. Mumtima munali mutalowa mantha.

Kuti mundimvetse, ndikuuzeni za achemwali anga aakulu. Iwo anamwalira zaka zija mankhwala otalikitsa moyo asanafike kumidzi. Anaonda mpaka kutsala mafupa, ndipo ndinaona ndi maso angawa anthu akuwapatulira kapu, anzawo a pondapanepondepo akulambalala nyumba yathu. Chichokereni nthawi imeneyo, kwa ine munthu woonda anali munthu amene mudzi wamuweruza kale.

Ndipo sizinachedwe. Ndikafika pamjigo, amayi amene anali pakati pa nkhani ankangoti zii, wina n'kuyamba kufunsa za mvula. Kenaka kunabwera alamu anga aNangozo, achemwali awo a bambo a Tadala, kuchokera ku Kandeu. Atawaona alongo awo anangogwira pakamwa. Madzulo ake anandiitanira kuseri kwa khitchini.

“Alamu, musandibisire. Achimwene thupi likutha, ndipo ndamva kuti mwezi ndi mwezi amakatenga mapiritsi kuchipatala. Kodi ndi zija? Nanga ngati si zija, ndiye kuti mukuwamana chakudya?”

Ndinafotokoza za bipi, ndinafotokoza za adokotala. Iwo anangoti bipi yomwe amaidziwa siondetsa munthu. Pochoka anandisiyira tambala kuti ndiwaphere achimwene awo abwerere m'thupi. Inu owerenga, chibadwireni sindinatukwanidwepo ngati momwe ananditukwanira tambala ameneyo. Ndinaona kuti kulikonse kumene ndingalowere ndine wolakwa, kaya monga mkazi wobweretsa matenda m'nyumba, kaya monga mkazi womana.

Apa ndi pamene ndinapeza nzeru yanga yopusa ija. M'mawa ndinkaona aphunzitsi ena achinyamata akuthamanga m'mbali mwa msewu, ndipo anthu ankati thukuta limasungunula mafuta. Ndinati basi, njira ndi imeneyi. Amuna anga azidya monga kale kuti thupi libwerere, koma azithamanga kuti mafuta oipawo azituluka ndi thukuta. Chinanso, wodwala sathamanga. Aliyense wowaona akukwera chitunda adzatseka pakamwa.

Nditawauza, iwo anakana. Anandikumbutsa mawu a adokotala, anati akudzimva kupepukidwa kuposa zaka zonsezi. Ine ndinalira. Ndinati inu mumakhala kumsika, wopita pamjigo ndine, wolozedwa zala ndine. Ndinalira masiku angapo, nkhope ili ndwii, mpaka mwamuna wa anthu anagonja.

“Chabwino amayi, musalire. Ndithamanga.”

Anayambadi. Kukangocha ankavala kabudula wakale n'kuuyatsa kulowera kuchitunda. Poyamba ana asukulu ankawaseka, kenaka anthu anazolowera, ena n'kumawachemerera kuti mdala wamphamvu. Ankabwerako thukuta lili kamukamu, njala itawapota, ine nditawakonzera kale tiyi wamkaka wa shuga wambiri, mandasi ndi mazira okazinga. Masana nyama, madzulo nyama. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuthamanga kumaitana njala, ndipo zomwe munthu wakhetsa ndi thukuta m'mawa wonse, mbale imodzi yamafuta imabweza ndi basela pamwamba. Lamba uja anabwerera pabowo lakale, kenaka anapitirira. Ine kuona choncho mtima unakhala pansi. Pamjigo amayi anayambanso kundimwetulira.

Panatsala nkhani ya mapiritsi. Ulendo wa mwezi ndi mwezi uja ndiwo unkadyetsa miseche, choncho ndinati munthu wothamanga chotere mapiritsi ngachiyani? Anasiya kukatenga. Mutu uja utayambiranso ankangogula timankhwala topha ululu pa okala. Kangapo ndinawapeza atakhala pakhonde atagwira kumbuyo kwa khosi, maso atafiira. Ndinkati ndi kutopa chabe, n'kuwawonjezera ntanda wina.

Chilimwe chitafika, mwana wamkazi wa aNangozo ankakwatiwa ku Kandeu, ndipo abale onse anasonkhana. Kwa ine limenelo linali tsiku lochotsa chitonzo. Ndinatulutsa chishango ndi chibonga chawo zovinira ngoma zimene zinali zitagona fumbi, ndinazipukuta ndekha. M'mawa mwake bambo a Tadala anandiuza kuti mutu ukuwalemera, mwina angokhala pampando n'kumaonerera. Ndinati ayi, mukakhala pansi anthu ayambiranso kunena. Mawu amenewa ndimawamvabe m'makutu mwanga mpaka lero.

Analowa m'bwalo. Ndisaname, anavina. Phazi likamenya pansi nthaka inkayankha, ndipo achinyamata anawapatsa malo. Ine ndinalulutira mpaka mawu kusasa, diso lili pa alamu anga ngati ndikuti, nayetu wodwala wanu uja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pakati pa nyimbo anakweza mwendo kuti aponde, chibonga chinapulumuka m'dzanja lamanja n'kugwa. Ndinaona pakamwa pawo pakupotokera mbali imodzi. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anagwa chammbali m'fumbi. Ena anapitiriza kuwomba m'manja poyesa ndi kavinidwe. Ine ndinadziwa pomwepo kuti ndapha munthu.

Tinathamangira nawo kuchipatala cha paboma pagalimoto imene inabwera kudzanyamula akwati. Adokotala a kumeneko anati mtsempha wamagazi waphulika m'mutu chifukwa cha bipi. Anafunsa kuti mapiritsi anamwa liti komaliza. Bambo a Tadala sakanatha kuyankha, lilime linali litafa. Anangotembenuza maso n'kundiyang'ana, ndipo ndinayankha ndine, mutu uli pansi. Adokotalawo sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Moyo unatsala, koma mbali yonse ya kumanja inafa. Sayenda, ndipo mawu amene amatuluka ndimawamva ndine ndekha. Geni ya kachewere inathera pomwepo, benchi ija pano pamakhala ena. Tsopano ndimawaphikira ndendende zimene adokotala oyamba aja ananena, chakudya chochepa, chopanda mafuta ndi mchere wambiri, ndipo ndimawadyetsa ndi sipuni. Mapiritsi ndimakatenga ndekha mwezi uliwonse, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Ndipo aonda. Aonda kuposa momwe ndinkaopera, chifukwa thupi logona limangofota. Mukudziwa zomwe akunena pamjigo? Akuti tinkanena ife, ndi zija, kuthamanga konse kuja kunali kubisa chabe. Anthu omwe aja amene ndinapereka mwamuna wanga kuti ndiwatseke pakamwa, akunenabe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerapo kudzandithandiza kuwatembenuza pamphasa. ANangozo amabwera mwa apo ndi apo, amakhala pang'ono n'kumapita. Nkhani ya tambala sitinaikambeponso.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumagwira chipande, mverani ine amene zinandionekera. Sindikunena kuti kuthamanga n'koipa, ayi. Kuyenda ndi kulimbitsa thupi n'kwabwino, ndipo amuna anga ankapeza bwino pamene ankayenda ndawala uku akudya mochepa. Koma kuthamanga sikufufuta zimene munthu wadya mopyola. Ngati akuchipatala anena kuti thupi litsike, yambirani pambale, ndipo za kuthamanga kafunseni kaye kwa iwowo, osati pamjigo. Mapiritsi a bipi musamusiyitse munthu chifukwa choti akuoneka wamphamvu. Mwamuna akaonda chifukwa chomvera malangizo, musiyeni aonde. Ndipo ngakhale akanakhala matenda amene ndinkawaopawo, nanga manyazi ake ngotani? Ndili ndi anzanga amene akumwa mankhwala amenewo, akulima, akulera adzukulu, pamene amuna anga amene analibe matendawo sangathe kudzithamangitsira ntchentche pankhope.

Sabata yapitayi ndinkawaveka amuna anga poti azibusa ankabwera kudzawapempherera. Ndinatenga lamba uja, ndipo ngakhale bowo lomaliza linali lokhwepa. Ndinapita kukatenthetsa msomali kuti ndiboole lina. Nditabwerera anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamanzere, n'kukoka lambayo. Anasisita ndi chala pang'onopang'ono mpaka anapeza bowo lija anaboola okha pakhonde tsiku lija, m'mbali mwake muli mopserera. Anasiya chala pomwepo, n'kundiyang'ana. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe.

Sanandidzudzulepo bambo a Tadala, ngakhale ndi maso. Koma ine ndikudziwa kuti tsiku limene anaboola bowo limenelo ndi tsiku limene anali atayamba kuchira, ndipo anandiitana ine kuti tisangalale limodzi. Inu owerenga, wanu akadzakuitanani kuti lamba wamukulira, mudzaseke naye kuchokera pansi pa mtima.