Siketi ya pa Kaunjika Imene Ndinaveka Amuna Anga

Inu owerenga, ine ndinatenga sizasi n'kudula chinthu cha amuna anga, kenako n'kuyesa kubisa. Kudulako mwina akanandikhululukira msanga. Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi kubisako.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi msilikali wopuma. Ali mnyamata anatumizidwa ku Sikotilandi kukaphunzira kuimba chitoliro chokhala ndi thumba, ndipo anabwerako ndi chovala cha amuna a kumeneko chotchedwa kiliti. Kuchiona ndi siketi ndithu, ya ubweya, ya mandalasi obiriwira, yamapinda ambirimbiri kumbuyo, yolemera ngati bulangete lonyowa. Titabwerera kumudzi kwa Kaphuka kudzalima kachewere, anaitsekera m'bokosi lachitsulo. Koma chaka chilichonse ankaiyanika pachingwe kuopa njenjete, ndipo tsiku limenelo ine pa mjigo sindinkamwa madzi. Amayi anzanga ankandifunsa kuti kunyumba kwathu wovala buluku ndani. Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinkapsa mtima kwabasi.

Chaka chatha kuzizira kwa Juni kunafika poipa. Ku Dedza kuno mukukudziwa, chifunga chimalowa mpaka m'mafupa. Mwana wathu Tadala anali atangochira kumene, khanda likungokhosomola. Amuna anga atapita kumunda ndinatsegula bokosi lija. Ndinati m'mtima, nsalu yofunda chonchi izingogona m'bokosi mdzukulu akunjenjemera? Ndisaname, khandalo linali chonamizira chabe, ine ndinkafuna siketiyo ichoke pakhomo panga. Ndinasomola mapinda onse, n'kuidula pawiri, n'kuisokerera pakati pa zitenje ziwiri kuti isaoneke. Linatuluka bulangete labwino zedi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Patangopita miyezi yochepa, mnzawo wakale anawaimbira foni. Gulu lawo la asilikali linkakumbukira tsiku limene linakhazikitsidwa, ndipo kunali phwando la dansi, la akuluakulu okhaokha ndi akazi awo. Ankafuna kuti oimba zitoliro akale atsogolere alendo polowa, atavala makiliti awo. Sindinawaonepo bambo a Tadala atasangalala chonchija. Anatulutsa chitoliro n'kumayeserera kuseri kwa khola madzulo alionse, agalu a m'mudzi monse akuuwa.

Ine mtima unali m'mwamba. Ndikamva akuyenda kuchipinda, ndinkasiya mbale n'kuthamangira komweko ndi nkhani yopanda mutu. Kiyi wa bokosi ndinamubisa m'nkhokwe. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndikaona mmene akupukutira nsapato zawo, mawu ankabwerera. Paja amati manyazi anapha lambe.

Tsiku la msika ndinakwera minibasi kupita ku Linthipe. Ndinafukula milu ya kaunjika ngati nkhuku padzala, mpaka ndinapeza siketi ya mandalasi obiriwira, yamapinda, ya mayi wina wonenepa wa kunja. Inali yopepuka ngati mpango, koma ndinadzinamiza kuti maso awo anayamba kuchita khungu, sazindikira. Ndinaisita bwinobwino, n'kuiika m'bokosi, ndipo kiyi ndinamutulutsa m'mawa wa tsiku la ulendo.

M'mawa umenewo pakhomo panadzaza anthu. Achemwali awo anabwera, azilamu, ngakhale amayi a pa mjigo aja, onse kufuna kuona. Amuna anga analowa m'chipinda n'kutsegula bokosi. Ndinaima pakhomo n'kumawayang'ana. Anainyamula siketiyo, n'kuiyesa kulemera m'manja. Kenako anaipinda, n'kuiika m'chikwama, n'kuuza anthu panja kuti chovala cha ntchito sachionetsa pamudzi. Ine chitsiru ndinapuma, ndinkati ndapulumuka.

Kuphwandoko ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo. Akuluakulu a asilikali ndi mamendulo pachifuwa, akazi awo atatchena, matebulo oyala nsalu zoyera. Anzawo akale aja anandanda pakhomo la holo, makiliti awo atagwa mwaulemu, osagwedezeka ndi mphepo. Palibe ankaseka. Asilikali achinyamata ankawachitira sawatcha. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndinadula. Pakati pawo panaima amuna anga, kasiketi kawo kakuuluzika, zipi ili pambali ngati ya mtsikana wa sukulu.

Mkulu woyang'anira mwambo anazungulira oimbawo n'kuima pa amuna anga. Sanakuwe ayi. Anangowanong'oneza, ndipo bambo a Tadala anatuluka pamzere, chitoliro chili m'khwapa. Anzawo analowa akuimba. Iwo anakavala buluku n'kudzakhala pambali panga mpaka phwando kutha, akuomba m'manja mofanana ndi aliyense.

Pobwerera, titatsika minibasi n'kuyamba kuyenda wapansi, ndinalephera kupirira. Ndinagwada m'njira momwemo n'kuulula zonse. Ndinawafunsa chifukwa chimene anaivalira pamene ankadziwa.

"Amayi a Tadala," anatero, "ndikanafunsa m'mawa muja, achemwali anga ali pakhonde, inu mukanakhalanso pamudzi pano? Ndinati bola andiseke ine kutali." Anayenda pang'ono n'kutembenuka. "Mukanandiuza, ndikanabwereka kiliti kwa mkazi wa malemu mnzanga. Nanga mwanayo, bulangetelo likumufunditsa?"

Ndinati likumufunditsa. Anangogwedeza mutu.

Sanandikalipire, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Koma chitoliro chija anachiika m'bokosi, ndipo kuseri kwa khola sikunamvekenso kanthu. Anzawo aja akutha mmodzimmodzi, sindikudziwa ngati adzawaitananso. Madzi akatayika saoleka.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, chimene mnzanu amachisunga mosamala, ngakhale chikuchititseni manyazi kwa anthu, mufunseni kaye tanthauzo lake musanachigwire. Ndipo mukalakwa, nenani nthawi ikadalipo yoti akonze. Ine ndinkaopa kusekedwa pa mjigo, ndiye ndinachititsa manyazi munthu amene anali wokonzeka kusekedwa m'malo mwanga. Tadala akabwera ndi mwana, agogo ake amamunyamula ali m'bulangete lomwelo, ndipo ndimaona zala zawo zikufufuza ubweya uja kunsi kwa chitenje.