Kapepala ka Mlongo wa Dympna

Dympna Toner wa mumsewu mwathu muno mu Belfast ndi Mkatolika, koma anakwatiwa ndi Mervyn, Mpulotesitanti woyendetsa galimoto ya buledi. Abale ake sanapondeko ku ukwatiwo. Mu 1976 anthu obisa nkhope anawombera Mervyn pakhomo. Dympna analera yekha ana atatu ndi ntchito yokolopa pasukulu, mbali zonse ziwiri zikumusala.

Chaka chatha mlongo wake Malachy, imvi zili mbuu, anagogoda atanyamula kapepala kokopa anthu kuti Ireland yakumpoto ndi yakummwera zikhale dziko limodzi.

"Achemwali, nthawi yogwirizana yakwana," anatero.

Dympna anangotsegula chitseko pang'ono.

"Achimwene, munalephera kuwoloka msewu umodzi wokha kudzaika mlamu wanu m'manda. Ndiye inuyo mulumikize dziko?"