Makope Awiri a Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma ndi mphasa ya pasiwa. Amayi a mumpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa. Kunja nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zinali zitaphimba minda ya tiyi, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi pamafuwa.

Tsiku limenelo tinkaika achimwene anga, mphunzitsi wa kumishoni. Choko anachisiya chifukwa cha mzungu wina, dokotala, osati wa anthu koma wa mbewu. Iyeyu anali atamaliza maphunziro onse kuyunivesite ya kwawo, ndipo anabwera kudzafufuza chimene chinkachititsa tiyi chikasu, kuti akabwerera akapatsidwe mpando wophunzitsa komweko. Analonjeza achimwene kuti dzina lawo lidzalembedwa pambali pa lake, ndiponso adzawapezera malo pasukulu ya zaulimi. Zaka zitatu achimwene anagwada m'mame, kuyeza dothi, kulemba m'makope, dokotala ali phee pakhonde. Chifuwa chinawagwira m'menemo. Lipoti loyamba litatuluka, dzina lawo munalibe. Za malo aja, anangowadyetsa mawa.

Lipenga la esiteti linalira ngati masiku onse. Kapitawo analola anthu ochepa kubwera kumaliro, ena anabwera mozemba, madengu ali kumsana. Abale a ku Changata anafika matope mpaka m'mawondo, akulira m'Chilomwe. Bokosi linali la matabwa otumizira tiyi, zilembo za kampani zikuonekabe.

Adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, tinamva njinga yamoto. Dokotala anavula chipewa, ine n'kumati mwina manyazi amugwira. Analunjika pasiwa, kwa alamu anga, mkazi wa malemu.

"Pepani, mayi. Makope awiri omaliza ali kuno. Ine ndinyamuka Lachisanu."

Aliyense m'nyumbamo amadziwa kuti katundu wa womwalira sapemphedwa mpaka tsiku lometa, ndipo chotuluka m'nyumba ndi chokhacho chimene abale asankha kuti chipite naye. Munthu wa maphunziro onsewo, zaka zitatu pakati pathu, sanaphunzire ichi chokha. Ndinakwiya kwambiri.

"Mukawaona kumanda, bwana," ndinatero.

Tinayenda m'kanjira koterera ka pakati pa tiyi, nyimbo ili pakamwa, dokotala akutsatira m'mbuyo. Makope ndinali nditawakulunga m'malaya a achimwene, osafunsa munthu. Bokosi litatsika ndinamasula malayawo kuti dokotala aone bwino zikuto, kenako ndinapereka kwa mdzukulu amene anali m'dzenje.

"Mayi, popanda amenewo kafukufuku yense watha," anatero dokotala, dzanja lili m'malere.

"Cholowa muno sichituluka, bwana," anayankha mkulu wa adzukulu, n'kukoka dothi ndi khasu.

Dokotala anachoka nkhata zisanaikidwe. Kunena zoona, mtima wanga unati myaa.

Madzulo anthu atabalalika, tinatsala awiri m'nyumba, ine ndi alamu. Mvula inali italeka. Ndinkayembekeza kuti andithokoza. Iwo anaika dzanja pamimba.

"Alamu, mzungu uja mwamulanga ndithu," anatero motsitsa. "Koma uyu ndanyamulayu akadzafunsa kuti bambo ake ankalemba bwanji, ndidzamuonetsa chiyani?"

Ndinafufuza m'nyumba monse mpaka mdima. Simunatsale ngakhale kapepala kamodzi.