Bafa la a Kivela

Marlene Kivela anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri ndi zitatu m'misewu ya miyala kumpoto kwa mzinda wa Thunder Bay ku Canada. Ukwati wake unatha kalekale. Masana aliwonse, akatula ana, ankapita kunyumba yosungirako okalamba kukawameta ndevu bambo ake, a Eino, ndi kuwadyetsa. A Eino atamwalira mu Febuluwale, nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, moti thupi analisunga mpaka Meyi. Marlene ankangodikira tsiku loti alire. Silinafike. Ankadzuka, kutenthetsa injini, kunyamula ana, kubwerako.

Nyumba inapita kwa mlongo wake wamng'ono, Arvo. Marlene bambo akewo anamusiyira chimene chinali m'shedi: kagalimoto kachikasu ka matayala sikisi, kopanda denga, koyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe. A Eino anakagula mu 1971 kuti azipita nako kosaka kumadambo, ndipo anakatsekera chaka chimene akazi awo anamwalira. Pakhomopo ankangokatchula kuti bafa.

"Achemwali, chuma mwalandira," anatero Arvo atavundukula lona. "Koma muli eni ake. Mbewazi muzipatse kaye notisi yoti zisamuke."

"Gwira tochi bwino, ukuunikira nsapato zako."

Sikuti Marlene ankalifuna bafalo. Kungoti masana analibenso kopita. Anatulutsa zisa za mbewa zodzaza ndowa. Petulo wa m'thanki anali atasanduka phula lonunkha. Matcheni anali atagwirana ndi dzimbiri, ndiye anawaviika m'dizilo milungu iwiri, n'kumawakhula ndi burashi mmodzimmodzi. Matayala anayi anali ong'aluka. Ena anawapeza kwa munthu wina wa ku Manitoba. Pansi pa mpando panali magolovesi a bambo ake, ataumira momwe zinkapindikira zala zawo. Anawayang'ana, kuwaika pashelefu, n'kupitiriza kumasula nati.

Tsiku loika maliro anafika ndi girisi m'zikhadabo. Azakhali ake anamugwira dzanja, n'kuliyang'ana.

Injini inalira mu Juni, atakoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Shedi yonse inadzaza utsi. Arvo ankavina pakhomo ngati wamisala. Marlene anamvetsera pang'ono, n'kuzimitsa.

"Ikumwa mafuta ambiri," anatero.

Loweruka anapita nalo kunyanja ina yaing'ono. Arvo anakana kukwera.

"Ine ndili ndi ana, achemwali. Mukamira ndidzanena kuti munali munthu wabwino."

Marlene anakankha ndodo ziwiri zoyendetsera, bafa linatsetserekera m'madzi, n'kuyandama. Linkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Madzi ankalowa pa tayala lina lakumanzere, iye n'kumakapa ndi chitini cha khofi. Patsidya panali kanyumba kamatabwa kamene bambo ake ankagonamo akapita kosaka. Anapeza denga litagwera m'kati, mtengo utamera pomwe panali bedi. Anakhala pamwala, kudya buledi ndi nsomba yowamba, udzudzu ukumuluma m'khosi. Anakhala nthawi yaitali ndithu. Kenako anapinda pepala la buledi, kuliika m'thumba, n'kubwerera.

"Zinali bwanji?" anafunsa Arvo.

"Kukudontha kumanzere."

Marlene anamata podonthapo sabata yomweyo. Mu Okotobala kunabwera a Heikki, mnzawo wa malemu, nkhalamba yoyendera ndodo. Mdzukulu wawo anali atapha mphalapala ya kumeneko, chinyama chachikulu ngati ng'ombe, pakati pa dambo, posafika galimoto iliyonse. Marlene anawakweza pambali pake. Analowa m'matope, kudutsa m'bango, bafa likugwedezeka uku ndi uku.

"Umakhota ngati bambo ako, mwanawe," anatero a Heikki. "Mwankhanza. Eino anandigwetserapo m'madzi kawiri."

 Patsogolo panali chitsa, ndipo Marlene anakoka ndodo yakumanja.

"Gwiritsitsani," anatero.

Anaitulutsa nyamayo maulendo atatu. Lolemba m'mawa anali pa basi.