Nkhwangwa ya Gashe Wondimu

A Wondimu, amene aliyense m'tauni ya Debre Birhan amawatchula mwaulemu kuti Gashe, anakalambira pa chiwongolero cha basi. Msana utakana, anasanduka munthu wa kutchalitchi: nsalu yoyera paphewa, kusala kudya osaphonya, mabanja akayambana n'kumawayanjanitsa. Akazi awo anatsogola kalekale. Pakhomo ankakhala ndi Ermias, mwana wa malemu mng'ono wawo, amene anamulera okha.

Ermias ndiye anabweretsa kamakina ka gemu kosewerera pa kanema, koma ntchito ya kufakitale sinkamupatsa mpata. Tsiku lina mkuluyo, posowa chochita, anati angoonako. Mmenemo anapezamo Mavaikingi, anthu andevu oyenda ndi nkhwangwa, ndiponso bwato lalitali loti aliwongolere yekha wosewerayo. Pamenepo ndi pamene anagwera. Munthu amene ankasowa msewu anapeza mitsinje yosatha, opalasa akuimba kumbuyo kwake ngati apaulendo. Miyezi inapita, dzikolo osafika kumapeto.

Vuto linali limodzi. Kuti mudzi wa mugemumo ukule, pankafunika kukaukira nyumba za amonke, kuyatsa madenga ndi kulanda chuma. Ulendo woyamba anachita chizindikiro cha mtanda. Pofika nyengo ya mvula anali atasiya n'kupepesa komwe. Ermias akangotuluka m'mawa, iwo ankatseka makatani n'kukweza mawu, poti makutu anali atayamba kulemera. Mpanda wa malata subisa kanthu, koma iwo sanaganizeko zimenezo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Ermias atapeza mbeta, dzina lake Tsedale, a Wondimu ndi amene anatsogolera akuluakulu okamupempha kwa makolo ake. Mwa mwambo, anaimirira chilili m'chipinda chochezera, osakhala pansi kufikira eni nyumba atawalola. Fungo la khofi linkamveka, koma palibe anawapatsa mpando.

"Tabwera kuti mwana wanu akhale mwana wathu," anatero a Wondimu. Anamuyamikira Ermias monga kuyenera: samwa, sabwera usiku, ntchito ali nayo.

A Demelash, bambo a Tsedale, anakhosomola.

"Gashe, inu timakulemekezani. Koma tafufuza, monga mmene mukanachitira inunso. Oyandikana nanu akuti m'nyumba mwanu mumamveka mabelu a tchalitchi ndi anthu akulira. Wina anasuzumira, anaona mtanda ukupsa pa kanema. Mnyamata wosewera zotentha nyumba za Mulungu, mwana wanga ndimupatse ameneyo?"

"Ana a masiku ano!" anatero mmodzi wa akuluakulu omwe anabwera nawo, akupukusa mutu.

Njira yothawira inali yotseguka. A Wondimu akanangoti mnyamatayo adzasintha, n'kutuluka ndi ulemu wawo wonse, mbeta n'kutsala. Thukuta linayenderera pansi pa nsalu yoyera ija. Manyazi amene anawagwira anali oti munthu n'kulakalaka nthaka itang'ambika.

"Mabeluwo amamveka nthawi yanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Akuti masana."

"Masana Ermias amakhala kuntchito. Wotentha nyumbazo ndine."

Kukhitchini wina anaseka, kenako n'kudzitseka pakamwa.

"Inuyo, Gashe? Ndi imvi zimenezi?"

"Ine ndemwe."

A Demelash anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuloza mipando. Anavomera kupereka Tsedale, koma khofiyo a Wondimu sanamumve kukoma, ndipo pobwerera anzawo aja anayenda patsogolo osacheuka.

A Wondimu anapeza Ermias akudikira pageti. Anamuuza zonse, maso ali pansi, osabisa kanthu.

"Ayi bambo, munaululiranji?" anatero mnyamatayo. "Mphekesera imeneyo inandipeza kalekale. Aliyense wondifunsa ndakhala ndikumuuza kuti ndine."

"Iwe? Chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Chimwalirireni amayi aakulu, ndinali ndisanakumvenipo mukuimba. Ndinakumvani tsiku lina nditaweruka msanga, mukuimba limodzi ndi opalasa aja."

A Wondimu anakokera nsalu yoyera ija kumaso, n'kuima pomwepo pageti, anthu akudutsa.