Masipika Amanyazi Aja Akulirabe

Amayi, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. M'mawa uno ndimapukuta masipika aja ndinagula pa Dwangwa nditasiya kudula nzimbe, ndipo ndinangopezeka ndikuseka ndekha. Paja tsiku lomwelo ndinkafuna kuwatsegula mpaka boma lonse limve. Inu munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, mphika watsopano saphikira alendo, amayamba awiritsamo madeya. Awanso azolowere kaye." Sabata yathunthu analira chapansipansi, nyimbo za kwaya ya kutchalitchi kwanu zokhazokha, anzanga akundiseka kuti ndagula masipika amanyazi.

Masiku ano ena amati zimenezo n'zachabe, sipika imachoka kufakitale itakonzeka kale. Kaya, atsutsane okha. Ine ndikudziwa kuti masipika a anzanga aja anang'ambika kalekale, koma angawa avinitsa maukwati kuyambira kwa Malengachanzi mpaka ku Dwambazi, mawu ake sanasasepo. Akandifunsa amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndimadziguguda pachifuwa: mayi anga, woumba miphika, amene rimoti sanaigwirepo. Lero ndatsitsa voliyumu, Amayi. Ikuimba ndi kwaya yanu ija.