Thanki Yagalasi ya a Mukhwapa

A Fanuel Mukhwapa anagwira ntchito yoyang'anira mapampu a padamu la esiteti ina ya tiyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Inali ntchito ya munthu mmodzi: kulawirira, kuliza injini, kupaka girizi, ndi kuvuula zomera zoyandama zimene zinkatseka kukamwa kwa paipi. Othyola tiyi ankaweruka m'magulu, akucheza m'Chilomwe. Iwo ankatulukira okha dzuwa litapendeka, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

Chaka china ofesi ya fakitale ikukonzedwa, anatola magalasi a mawindo amene anatayidwa. Kalipentala wa pakampanipo anawadulira, iwo n'kumata ndi guluu wa silikoni, ndipo panatuluka thanki yotalika ngati mkono. Anaikamo mchenga wa mumtsinje ndi matemba asanu ndi awiri. Pamwamba anayandamitsa timasamba ta padamu pomwepo, tija tobiriwira, taubweya, tolendewetsa mizu m'madzi ngati ndevu. Akazi awo, mayi Rosie, ankawaseka kuti kampani inawalemba kuti azitaya udzu, iwo n'kumautenga kudzaugoneka pabalaza. Komabe ndi mayiwo amene ankakumbukira kutsegula katani m'mawa kuti thankiyo ione dzuwa.

Mayi Rosie anamwalira kutatsala miyezi inayi kuti a Fanuel apume pantchito. Nyumba inali ya kampani, ndiye kalata yopumira pantchito itafika anayenera kutuluka. Munda ndi malo zinali za kuchikazi. Mwambo wosudzula utachitika, alamu awo anawauza mwaulemu wonse kuti tsopano ndi omasuka kupita kwawo. Koma kwawoko, kutsidya kwa malire a dziko ku Muloza, anachokako kalekale nthawi ya nkhondo, ndipo kunalibenso wowadziwa. Mwana wawo yekhayo, Sheila, wokwatiwa ku Ndirande, anawapezera chipinda cha lendi kuseri kwa msika wa Thuchila. Anasamuka pa lole atafungatira thanki pamiyendo, nsomba zili m'chigubu.

Chipindacho chinali ndi kazenera kamodzi, koyang'ana khoma la chigayo. Sabata ziwiri zisanathe, timasamba tinayamba kuchita chikasu. Poopa fumbi la ufa, anavundikira thanki ndi galasi, osadziwa kuti akuwonjezera vuto: thukuta la madzi linkadontha kuchokera kuchivundikirocho n'kumawoletsa timasamba. Anazindikira mochedwa kuti zomera zimenezi zimafuna madzi kumizu kokha, kumsana kuzikhala kouma. Anachotsa galasilo n'kuyalapo chidutswa cha neti ya udzudzu. Apo n'kuti matemba anayi atafa, mwina chifukwa cha madzi a pamjigo amene sanawazolowere, ndipo timasamba totsala tinkangokwana pachikhatho.

Lachiwiri lina anavala jekete, natenga botolo, n'kukwera minibasi kupita kuesiteti kuti akatape tina. Pageti anapeza mlonda wachilendo, dzina lake Hopeson litalembedwa pachifuwa. Anamufotokozera kuti iwo ndi a Mukhwapa a kumapampu, ndipo akungofuna timasamba ta padamu todzaza botolo.

"Pepani bambo, popanda chiphaso sindingakulowetseni," anatero mlondayo. "Pali amene akukudziwani kuti ndimuimbire?"

Anatchula akapitawo awiri. Wina anali atasamutsidwa, winayo atamwalira. A Fanuel anaima pamthunzi wa bulugamu kwa ola lathunthu, kuyembekeza kuti mwina padutsa mnzawo wakale. Thirakitala ya masamba inadutsa kawiri, woyendetsa n'kukweza dzanja monga amachitira kwa munthu aliyense woima pamsewu. Anabwerera ku Thuchila botolo lili lopanda kanthu.

Panalibenso kuchitira mwina koma kupulumutsa totsala tija. Anapempha mwininyumba, mayi Millie, ogulitsa tomato mumsika, kuti awalole kuzula lata limodzi padenga n'kuikapo loonekera. Mayiwo anavomera, koma anafunsa ngati nsombazo zidzakule n'kukhala ndiwo. Atamva kuti ayi, anangowayang'ana n'kumapita.

Madzi anayamba kukatunga kumtsinje, n'kuwasiya mundowa tsiku lonse kuti matope akhale pansi. Pothira ankatsetsereza pang'onopang'ono pagalasi kuti timasamba tisamire. Anaonanso kuti nsomba zitachepa, zomera zinayamba kusowa chakudya, paja zimadalira ndowe za nsombazo. Tsono anakakhala m'mbali mwa mtsinje masiku awiri, akugwiritsa ntchito chitenje chakale cha malemu akazi awo ngati ukonde, mpaka anakola matemba ena asanu amoyo.

Mphukira yoyamba inali yaing'ono ngati chikhadabo cha khanda. Pofika mwezi wa Meyi pamwamba ponse panali patadzaza, mpaka pansi pa thanki pankachita mdima. Anapinda kapaipi ka pulasitiki kukhala mkombero, n'kukayandamitsa pakati kuti pakhale malo otseguka, olowera kuwala ndi owazirapo gaga. Tsiku limenelo anaimbira Sheila foni kuti amuuze. Iye anali muminibasi, phokoso lili ponseponse. Anafunsa ngati akumwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, nati aimbanso Lamlungu.

Zomera zikachuluka zimapanikizana, choncho Loweruka lililonse a Fanuel amapatulapo zodzaza mbale. Poyamba ankakataya kudzala, mpaka abakha a mayi Millie anazilawa n'kuyamba kuwalondola. Masiku ano, Loweruka m'mawa, mayiwo amagogoda pakhomo ali ndi beseni, asanapite kumsika.

"Mwadzuka bwanji, abambo? Za abakha zilipo?"

A Fanuel amawalowetsa, n'kuyamba kuwaonetsa kuti timasamba ta mizu yoyera ndi yaitali ndi tathanzi, pamene ta mizu yakuda tikusowa kuwala. Mayiwo amamvetsera mphindi imodzi kapena ziwiri, maso ali kunjira, kenako amati tomato akuwadikira. A Fanuel amawaperekeza mpaka panja, n'kuima pomwepo kuonerera abakha akulimbirana mpaka beseni litayera.